Ngolo Inaima pa Sitolo ya a Lameck

Zikani anaikidwa m'manda a eni. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru, ndipo onse awiri anamwalira komweko iye akadali wamng'ono. Anamulera ndi mlongo wake wamkulu, Idah, yemwe anakwatiwa ndi a Jailos Chikoti, mlimi wa mtedza ndi soya wa m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo. Choncho mnyamatayo atamwalira asanakwanitse n'komwe zaka makumi awiri, abale a a Jailos ndiwo analoza malo kumphepete kwa manda awo kuti adzukulu akumbe.

Tsiku la maliro Idah sanalire monga anthu ankayembekezera. Anakhala m'nyumba ya siwa atatambasula miyendo, maso ali gwa pa bokosi. Amayi a Chigwirizano ankaimba, ena n'kumanong'onezana kuti mwina mutu wamuzungulira. Mutu wake unali bwinobwino. Ankamvetsera mawu a munthu amene ankalankhula panja.

Anali a Lameck, mkulu wa mpingo komanso mwini sitolo ya mankhwala pa Nsaru. Kale anagwirako ntchito yothandizira pa chipatala china, ndiye anthu ankangowatcha adokotala. Tsikulo anabwera ndi thumba la ufa ngati chipepeso, ndipo anapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa mpingo.

"Abale anga, achinyamata athu akutha ngati nkhuku za chitopa," anatero a Lameck. "Vuto lili kwa ife makolo. Mwana tikungomusiya, sitikudziwa kumene waswera, sitikudziwa chimene wamwa."

Idah anadzuka. Anadumpha miyendo ya amayi, natuluka panja, nalunjika pamene panali thumba lija. Analikoka mpaka pamaso pa a Lameck, namasula chingwe, nalikhuthula pa nsapato zawo. Ufa unawayeretsa mpaka m'maondo.

"Mwamupha, ndiye mwabwera kudzatidyetsa?" anafunsa Idah.

A Jailos anathamanga nagwira mkazi wawo pamkono. A Lameck anadzisasa thalauzi modekha, nauza anthu kuti amukhululukire mayiyo, chisoni chimalankhulitsa zambiri. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza.

Koma Idah ankadziwa chimene ankanena.

Zikani anali goloboyi wa timu ya pa Nsaru, wamtali, wa manja ngati mafosholo. Masiku opanda mpira ankapalasa kabaza pa njinga imene alamu ake anamugulira. Tsiku lina pa masewero anagundana ndi wosewera wina, bondo linatupa. Anzake anamunyamula kupita naye kwa a Lameck, poti panali pafupi. A Lameck anamumanga bandeji namupatsa makapisozi obiriwira, amphamvu kwambiri, amene kuchipatala amaperekedwa kwa odwala ululu woopsa okha. Bondo linapola, koma Zikani sanasiye kupita kusitoloko.

Poyamba Idah sanazindikire kanthu. Anangoona kuti mlongo wake wayamba kusinza ali chikhalire, pakati pa nkhani. Ankadzikanda m'khosi ndi m'mikono mpaka kutuluka magazi. Chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala. Kenaka pa makapisozi aja anaonjezerapo mankhwala a chifuwa a m'timabotolo, amene anyamata ankathira mu zakumwa zoziziritsa kukhosi kuti anthu asadziwe. Mpira anasiya. Njinga anayamba ndi kugulitsa belu ndi chonyamulira, mapeto ake inapita yonse. Thumba la mtedza wa mbewu linasowa m'nyumba.

Idah anayesa zonse zimene ankadziwa. Anapita naye ku mapemphero. Anapita naye kuchipatala, kumene namwino anamulangiza bwino, koma atangobwerera kumudzi anayambiranso. Nthawi ina iye ndi a Jailos anamutsekera m'chipinda. Zikani anatuluka thukuta, ananjenjemera, anasanza, akumenya chitseko ndi mutu.

"Achemwali, nditsegulireni," ankalira. "M'mafupa mwangamu mukuyenda nyerere. Kamodzi kokha, achemwali, ndikamwa kamodzi ndisiya."

Ndi m'chipinda momwemo mmene anaulula zonse. Anati katundu weniweni sakhala pa shelefu. Munthu umazungulira kuseri kwa sitolo, kugogoda pa zenera laling'ono, ndipo a Lameck eni ake ndiwo amatulutsa dzanja.

Idah anapita kusitoloko nagwada pa simenti. "Adokotala, ndagwira mwendo wanu. Mwana uja ndi yekhayo amene makolo anga anandisiyira. Akabwera muzimubweza."

A Lameck anaseka pang'ono, namudzutsa. "Mayi Chikoti, ine ndimagulitsa mankhwala a mutu ndi a malungo. Ana osuta chamba amanena zilizonse. Kamupemphererani."

Sipanapite nthawi. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, amayi opita kudimba anamupeza Zikani m'chigafa chakale cha fodya, atatsamira nsanamira ngati munthu wopuma. Milomo inali itada, timabotolo tili mbwee pambali pake.

Maliro atatha, Idah anakanena ku polisi. Apolisi anabweradi nafufuza m'sitolomo, koma anangopeza mankhwala ovomerezeka ndi ziphaso zopachikidwa pakhoma. Kenaka akulu a mpingo anamuitana kuti apepese chifukwa chonyoza mkulu mnzawo pamaso pa anthu. Idah anawauza kuti lilime lake likhoza kuwola koma mawu amenewo sadzawatchula. Anamuimitsa kudya mgonero.

Patapita masiku, a Jailos anapeza chigubu cha petulo chitabisidwa m'khola la mbuzi. Anachitenga nakachiika pamaso pa mkazi wawo, yemwe ankasenda mtedza pakhonde.

"Mayi a Queen, pakhomo pano tilibe njinga yamoto. Petuloyu ndi wa chiyani?"

"Mukudziwa."

"Mukaotcha sitolo ija, mwezi wamawa atsegula ina. Inu mudzakhala muli kundende. Mwana wathu Queen adzaleredwa ndi yani?"

"Ndiye ndingokhala? Munthu uja aziyenda, azipemphera kutsogolo, azidya n'kukhuta, Zikani akudyedwa ndi chiswe?"

"Sindinati mungokhala. Ndati musaotche."

Idah anataya makoko a mtedza pansi. "Bambo a Queen, ine sindigona. Ndikatseka maso ndimaona nkhope ya Zikani. Ndikufuna munthu uja amve chimene ndikumva ine, pano," anatero akudziguguda pachifuwa.

A Jailos anakapereka petuloyo kwa mnyamata wina wa njinga yamoto. Idah sanagulenso wina. Anachita china. Iye ankagulitsa tomato ndi anyezi kumunsi kwa msika, ndiye anasamutsa benchi lake nakaliika tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomo la sitolo ya a Lameck. Malonda pamenepo sankayenda bwino, dzuwa linkamuotcha tsiku lonse, koma sanasunthe. A Lameck akatuluka kudzaima pakhonde ankapeza maso ake ali pa iwo. Akamupatsa moni, Idah sankayankha.

Ali pamenepo anaona anyamata amene ankazungulira kuseri. Ena anali akabaza, ena a sukulu atavala yunifolomu, wina anali mtsikana woluka tsitsi pamsika. Idah ankapita kwa amayi awo kukawauza. Ena anamuthokoza. Ambiri anamutukwana, amvekere mwana wawo si wamisala ngati mlongo wake uja.

Mmodzi yekha ndiye anabwera kudzakhala naye pa benchi. Anali mayi Martha, wogulitsa usipa, amene mwana wawo Eliya anamwalira chaka chapitacho. Pa maliro ake anthu anauzidwa kuti anali malungo aakulu.

"Sanali malungo," anatero mayi Martha tsiku loyamba, akuyang'ana pansi. "Ndinapeza timabotolo pansi pa mphasa yake. Ndinakataya m'chimbudzi chifukwa cha manyazi."

Mvula itayamba kugwa, kusitolo kuja kunabwera wothandizira watsopano. Anali Brian, mwana yekhayo wamwamuna wa a Lameck, yemwe anali atamaliza mayeso a Folomu 4 ku sukulu yogonera komweko. Anali mnyamata waulemu, wopatsa moni ngakhale kwa Idah. Bambo ake ankamunyadira, ankauza aliyense kuti ameneyu ndiye adzakhale dokotala weniweni.

Chimanga chisanamasule, Idah anaona Brian atakhala pakhonde la sitolo, mutu ukugwera pachifuwa dzuwa lili paliwombo. Tsiku lina anamuona akudzikanda m'khosi. Anamuyang'anitsitsa.

Mayi Martha nawonso anaona. "Idah, mwana uja wayamba. Akuba katundu wa bambo ake. Tiyeni tikawauze mayi ake."

"Ayi."

"Ndi mwanatu uja. Iye walakwanji?"

"Nanga Zikani analakwanji? Eliya analakwanji? Asiyeni alawe ndiwo zimene akhala akuphikira anzawo."

Kuyambira tsiku limenelo Idah anayamba kuyankha moni wa Brian. Ankamufunsa kuti wadzuka bwanji, akuona malaya akumukulira, masaya akulowa m'kati. A Lameck, amene ankadziwa zizindikirozo kuposa wina aliyense, sankaona kanthu pa mwana wawo. Mwina sankafuna kuona. Idah ankabwerera kunyumba madzulo n'kudya bwino kuposa miyezi yonse ya m'mbuyomo. A Jailos anaganiza kuti mkazi wawo wayamba kuiwala.

Tsiku lina la msika, a Jailos anadzuka ndi mutu, ndiye Idah anamanga yekha ng'ombe pa ngolo kuti akagayitse chimanga. Mayi Martha anakwera nawo ndi kathumba kawo. Kuchigayo kunali mzere wautali. Podikira, Idah anazungulira kuseri kukafuna mthunzi, ndipo kumeneko, pa mulu wa gaga wonyowa, anapeza munthu atagona chafufumimba.

Anamutembenuza ndi phazi. Anali Brian. Milomo inali itayamba kuda. Ankapuma motalikiratalikira, kukhosi kukumveka ngati nkonono.

Idah anaima pamenepo. Kunalibe wina amene anamuona. Anabwerera kumaso kwa chigayo nakhala pa thumba lake, manja ali pamiyendo. Chigayo chinkalira, amayi ankapeta, mwana wina ankalirira chitumbuwa. Mumtima mwake ankati, zatheka, asiyeni bambo ake akamutole okha monga ine ndinakatolera wanga.

Kenaka ganizo lina linamufikira. Mnyamatayo akafera kuseri kwa chigayo, bambo ake adzamunyamula mwakachetechete, adzauza anthu kuti ndi malungo aakulu, mpingo udzaimba, ndipo zenera lija lidzatsegulidwanso maliro akangotha.

Anadzuka msangamsanga naitana amuna awiri a pachigayo. "Kuli munthu kuseriku. Ndithandizeni timukweze pa ngolo."

Anatsitsa matumba, namugoneka Brian pa chitenje cha mayi Martha, omwe anakwera namuika mutu pamiyendo pawo. "Fulumirani naye kuchipatala, mayi," anatero mmodzi wa amunawo.

Idah anakwapula ng'ombe. Pa mphambano, njira ya kuchipatala inkapita kumanzere. Iye anakhotetsa ngolo kumanja, kulowa mumsika.

"Idah! Mukupita kuti?" anakuwa mayi Martha. "Mwanayu afa!"

"Bambo ake ndi adokotala," anayankha Idah osacheuka.

Ngolo inadutsa pakati pa ogulitsa kaunjika ndi a mapoto, anthu akulumphira kumbali, akutukwana. Ena ataona munthu atagona m'ngolomo anayamba kuitsatira. Idah anaimitsa ng'ombe pakhomo penipeni pa sitolo, natola beseni la mayi wina wa mandasi, nayamba kulimenya ndi mtengo wa chikwapu.

"Bwerani! Bwerani mudzaone malonda a adokotala!"

A Lameck anatuluka atavala khoti lawo loyera, nkhope itakwinyika. "Mayi Chikoti, misala yanuyi ndatopa nayo. Lero ndikumangitsani."

"Yambani mwasuzumira m'ngolomu."

Anasuzumira. Cholembera chimene chinali m'manja mwawo chinagwa. "Brian! Brian, mwana wanga!" Anafuna kukwera, koma Idah anaima pakati, chikwapu chili m'manja.

"Auzeni anthuwa chimene wamwa."

"Chokani! Ndi malungo, anayamba kudandaula dzulo."

"Malungo eti? Ndiye tengani jakisoni wa malungo mumubaye pompano tione ngati adzuke."

Apa n'kuti khamu litadzaza msewu. Mayi Fanny, akazi a a Lameck, anatulukira kuchokera kunyumba kwawo kuseri, mpango uli m'manja. Ataona mwana wawo anakuwa mokweza mpaka ng'ombe zinadzidzimuka. Bambo wina wa galimoto yonyamula katundu anali atayimitsa kale galimoto yake pafupi, natsegula kumbuyo.

"Akulu, tiyeni naye," anatero bamboyo. "Koma kuchipatala akafunsa chimene wamwa. Mukakanama akamupatsa mankhwala olakwika."

Mayi Fanny anagwira amuna awo pa kolala. "Nenani! Bambo a Brian, nenani!"

A Lameck anang'ung'udza kanthu.

"Kwezani mawu," anatero Idah. "Pa maliro a mlongo wanga mawu munali nawo."

"Ndi makapisozi aja," anatero a Lameck. "Obiriwira aja. Mwina waphatikiza ndi a chifuwa. Chonde, mayi, ndagwira mwendo wanu."

"Wawatenga kuti?"

A Lameck anayang'ana anthu, anayang'ana mwana wawo. "Kwa ine."

Idah anapatuka. Amuna ananyamula Brian namuika m'galimoto. Mayi Fanny atakwera, anamasula makiyi amene anali kumphepete kwa chitenje chawo nawaponya pamapazi pa mayi Martha.

"M'kachipinda ka zakudya za nkhuku," anatero. "Pansi pa matumba."

A Lameck anafuna kukwera nawo, koma anthu anawakokera pansi, galimoto n'kunyamuka. Amuna anatsegula kachipindako natulutsa makatoni, ena odzaza ndi timabotolo, ena ndi makapisozi. Mkwiyo unabuka ngati moto wa m'tchire. Wina anawaponya mwala a Lameck pamphumi, wina anakuwa kuti abweretse tayala ndi machesi.

Idah anakwera pa ngolo namenyanso beseni lija.

"Musamuphe!"

"Inuyo mukumuikira kumbuyo?" anafunsa wa kabaza wina.

"Ine? Ndikanakhala ndi mano a fisi ndikanamutafuna. Koma wakufa samva manyazi, wakufa samva chisoni. Ameneyu ndikufuna akhale ndi moyo wautali, azikumbukira tsiku la lero m'mawa uliwonse. Mukhazikeni pansi apo."

Anawakhazika pa fumbi, magazi akutsikira pa khoti loyera lija. Idah analamula kuti makatoni ayalidwe mumsewu, nanyamula kabotolo kamodzi m'mwamba.

"Amayi, yandikirani. Yang'anitsitsani. Mukakapeza aka m'thumba la mwana wanu, musati ali ndi chifuwa. Mwana akayamba kusinza masana, kudzikanda, kukana chakudya, katundu n'kumasowa m'nyumba, musathamangire kwa asing'anga kuti walodzedwa. Mfiti yake ndi iyi. Wanga dzina lake anali Zikani. Ambiri a inu anakunyamulanipo pa njinga."

Mayi Martha anaimirira m'ngolomo. "Wanga anali Eliya. Ndinakunamizani kuti anali malungo."

Kumbuyo kwa khamu bambo wina wokalamba anatchula dzina la mdzukulu wake. Mayi wina anayamba kulira, nati wake ali moyo koma wamangidwa ndi chingwe kunyumba. Apolisi atafika anapeza anthu atazungulira makatoni, akupatsirana timabotolo kuti aliyense aone, a Lameck ali chikhalire pansi, atagwira mutu.

Brian sanafe. Anakhala m'chipatala nthawi yaitali, ndipo atatuluka sanali Brian wakale. Ankalankhula mokoka mawu, mwendo umodzi ankaukweza movutika, zina ankaiwala. Dokotala anauza mayi ake kuti ubongo unakhala nthawi yaitali osalandira mpweya wokwanira.

Nkhaniyo itamveka, a Jailos anakhala masiku osalankhula ndi mkazi wawo. Tsiku lina ali kumunda analephera kupirira.

"Mukanapita naye molunjika kuchipatala, mwina bwenzi ali bwino."

"Mwina," anatero Idah. "Mwinanso anali atagona kale pa gaga paja kuyambira m'mawa. Sindikudziwa."

"Simukumva chisoni?"

Idah anaimika khasu. "Ndikamuona akukoka mwendo, chisoni chimandigwira. Koma mukandifunsa ngati ndikanakhotera kumanzere, ndikunamizani ndikati inde. Zenera lija latsekedwa, bambo a Queen. Queen akukula."

A Jailos anapitiriza kupalira.

Mlandu unazengedwa ku Lilongwe. Idah sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Ankakwera minibasi m'mamawa, n'kukakhala pa benchi lakutsogolo pamene a Lameck sakanatha kumulambalala ndi maso. Anyamata angapo amene ankagogoda pa zenera lija anaperekera umboni, ndipo mayi Fanny nawonso anaima m'bokosi nanena zimene ankadziwa. A Lameck anagamulidwa kukakhala kundende zaka zingapo. Powatulutsa, atamangidwa unyolo limodzi ndi wakuba mbuzi, anadutsa pafupi ndi Idah naima.

"Mayi Chikoti, ndikhululukireni."

"Kapempheni kwa Mulungu, ndiye ntchito yake," anatero Idah. "Ine ndilibe."

Akulu a mpingo anamutumizira uthenga kuti akhoza kuyambiranso kudya mgonero. Iye anati adzabwera akadzamulola kulankhula kwa makolo mapemphero akatha. Anakambirana kwa nthawi, kenaka analola. Lamulungu limenelo Idah anaima kutsogolo ndi dengu la timabotolo topanda kanthu timene iye ndi mayi Martha anatola m'zigafa, kuseri kwa sukulu ndi m'makwalala a pamsika. Anatikhuthulira pa tebulo. Anthu sanakhulupirire kuti tonseto tatoledwa m'dera lawo lomwelo.

Kuyambira pamenepo amayi awiriwo anayamba kuyenda ndi dengulo m'misika ya ku Kabudula, ku Kasiya, mpaka ku Namitete. Sanali a bungwe lililonse, analibe malaya olembedwa mawu kapena chimkuzamawu. Ankangoyala chitenje pansi, kukhuthula timabotolo, Idah n'kuyamba kufotokoza mmene goloboyi wa pa Nsaru anafera atatsamira nsanamira. Kwina ankawamvetsera, kwina eni masitolo ankawathamangitsa. Namwino wina wa ku Kabudula anayamba kuwaperekeza akakhala pa tchuthi, kuti aziuza makolo kumene angapite ndi ana amene ayamba kale. Idah sankalankhula mofatsa ngati namwinoyo. Ankatha ndi mawu omwewo kulikonse: wogulitsa ali pakati panu pompano, mukumudziwa, mumamupatsa moni, mutchuleni.

Tsiku lina m'mawa, akumanga dengu pa njinga kuti apite ku Nambuma, anaona mayi Fanny ataima kunja kwa mpanda. Anali ataonda, atavala chitenje chofwifwa. Sitolo inali itatsekedwa, ndipo iwo tsopano ankagulitsa makala.

"Odi, mayi a Queen."

"Lowani."

Mayi Fanny sanalowe. "Ndimafuna ndikuuzeni kuti sindikudziwa chimene munamuchita mwana wanga. Tsiku lina ndimati munamupulumutsa, tsiku lina ndimati munamuwononga. Ndikamamusambitsa ndimakutukwanani."

"Tukwanani. Inu munkadziwa za makatoni aja Zikani ali moyo."

"Ndinkadziwa," anatero mayi Fanny. "Ndinkasesamo m'kachipindamo."

Queen anatuluka ndi ndowa, nawayang'ana, nabwereranso m'nyumba.

"Ndamva kuti mukupita ku Nambuma," anatero mayi Fanny. "Ndikufuna ndipite nawo. Inu mumanena za mwana amene anafa. Ine ndikanene za nyumba imene munkachokera mankhwalawo, ndi mwana amene ndikumudyetsa ndi supuni."

Idah anamangitsa chingwe pa dengu, nachikoka kawiri kuona ngati chagwira.

"Tiyeni," anatero. "Koma musayembekeze kuti ndidzakupepesani."

"Sindinabwerere zimenezo."

Mayi Martha ankawadikira pa msewu waukulu. Ataona amene akubwera kumbuyo kwa Idah, anangosendeza thumba lawo pa chonyamulira cha njinga yawo kuti mayi Fanny apeze pokhala, ndipo atatuwo anauyamba ulendo wa ku Nambuma.